Sipika ndi Mthenga: Tebulo Lisamayankhule Nawo

Pabalaza pathu pali kabati yagalasi imene amayi amasungamo mbale zadothi, matambula ndi makapu omwe amatuluka pa Khirisimasi pokha, kapena kukabwera alendo olemekezeka. Pamwamba pa kabatiyo ndi pamene pakhala wayilesi ya abambo chiyambire ubwana wanga: makina pakati, sipika ina uku, ina uko, chilichonse chofunda kansalu koluka. Loweruka masana abambo akati aike nyimbo, nyumba yonse inkalowa m'kwaya. Matambula ankalira, zitseko za kabati zili gwedegwede, masupuni nawo kumavomereza m'dilowa. Ana tinkanyada, ndipo tinkauza anzathu kuti wayilesi yakwathu imagunda. Motero ndidakula ndi chikhulupiriro choti wayilesi yabwino ndi imene imagwedeza mbale.

M'chimangirizo chino ndikufuna kutsutsa chikhulupiriro chimenechi. Maganizo anga ndi akuti sipika, imene ena amaitcha chimkuzamawu, ndi mthenga chabe. Ntchito ya mthenga ndi kufikitsa uthenga momwe adaulandirira. Tikaikhazika sipika mwachindunji patebulo, pakabati kapena pashelefu, timalola thabwa kuti liziyankhula nawo, ndipo zomwe zimafika m'khutu zimakhala zophatikiza mawu a woimba ndi mawu a thabwa. Kulekanitsa sipika ndi chomwe yakhalapo ndi ntchito yosafuna ndalama zambiri, ndipo kwa ife amene maphunziro athu ndi omvetsera chiyankhulo, ndi ntchito yofunika ngati kusongola pensulo.

Momwe ndidadziwira

Chaka chatha tidapatsidwa ntchito yojambula nthano kuchokera kwa anthu akuluakulu ndi kuzilemba ndendende momwe adaziyankhulira. Patchuthi ndidapita kwa agogo anga aamuna ku Dowa ndipo ndidawajambula pafoni nthano zinayi. Agogowo adali ndi liwu lalikulu, lochokera pansi pamtima. Patangotha miyezi itatu adatisiya, choncho zomwe zili m'foni muja ndi zokhazo zimene ndili nazo.

Pagulu lathu tidalipo atatu. Tinkakumana m'chipinda changa kuhositelo, n'kulumikiza timasipika tiwiri ku kompyuta, patebulo lathabwa lopyapyala lokhala ndi dilowa yopanda kanthu kunsi kwake. Munthano ina muli mlenje amene akulimbana ndi njati. Pamalo ena ine ndinkamva agogo akuti mlenjeyo "adaponya kachiwiri", pamene mnzanga wina ankalimbikira kuti akuti "adaphonya kachiwiri". Kusiyana kwake ndi kampweya kakang'ono kotsatira p, koma nthano yonse imatembenukira pomwepo. Woponya kachiwiri ndi mlenje wolimba mtima. Wophonya kachiwiri ndi mlenje amene mankhwala ake asuluka. Tidabwereza kambirimbiri, tidakweza wayilesi, koma tikakweza m'pamenenso liwu la agogo linkangolirima ngati akuyankhulira mu mgolo.

Mkangano udatha mwangozi. Tiyi adatayikira patebulo, ndipo mnzathu wachitatu adanyamula timasipika tija m'manja kuti tisanyowe, nthano ikadayankhulabe. Nthawi yomweyo kulirima kuja kudazilala. Agogo adamveka ngati momwe ankamvekera pakhonde paja. Titabwereza, tonse atatu tidamva kampweya kaja bwinobwino: mlenje adaphonya. Ine ndi amene ndidaphonya nawo. Chikhala kuti tiyi sadatayike, bwenzi nditawaikira agogo anga mawu m'kamwa, iwo alibenso mwayi wondikonza.

Chimene chimachitika m'thabwa

Sipika zambiri zomwe tili nazo lero zimatsatira njira imene Chester Rice ndi Edward Kellogg adafotokoza mu 1925 ku kampani ya General Electric ku America. Muli maginito, waya wokulungiza ndi kapepala kooneka ngati fanulo. Magetsi akamadutsa mu waya, kapepalako kamapita kutsogolo ndi kubwerera mmbuyo mofulumira, n'kumakankha mpweya, ndipo kukankhidwa kwa mpweyako ndi kumene timakumva ngati mawu. Koma pali lamulo limene Isaac Newton adalemba mu 1687, loti chinthu chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera ndi mphamvu yofanana. Wopalasa bwato amalidziwa lamuloli: akakankha madzi kumbuyo, bwato limapita kutsogolo. Chimodzimodzinso kapepala kakamapita kutsogolo, bokosi la sipika limakankhidwira kumbuyo. Bokosilo limanjenjemera, ndipo ngati lakhudzana ndi tebulo, kunjenjemerako kumalowa m'tebulo.

Thabwa silikana mawu. Mumpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi, koma m'thabwa, motsatira mitsempha yake, amathamanga kuposa pamenepo kakhumi kapena kupitirira. Komanso tebulo ndi lotambalala kuposa kapepala ka m'sipika, choncho likangonjenjemera pang'ono limakankha mpweya wochuluka. Pali kachitsulo kamphanda kamene oimba amachunira zida zawo, komwe adatulukira John Shore, woimba lipenga wa ku England, mu 1711. Mukakamenya n'kukagwira m'mwamba, kamamveka motsika kwambiri. Mukagunditsa tsinde lake patebulo, chipinda chonse chimamva. Amene alibe kachitsuloka ayesere ndi foni: ikamanjenjemera pamatilesi simuimva, koma ikakhala patebulo imadzutsa ndi ogona omwe.

Makolo athu adazidziwa kale izi. Woimba kalimba amaika chida chake m'chipanda kuti chimveke patali. Valimba za kuchigwa cha Shire zimakhala ndi zikho kunsi kwa thabwa lililonse, ndipo paziboo za zikhozo amamatapo kanembanemba kuti mawu azituluka ndi kaphokoso kokometsa. Banjo ndi gitala popanda bokosi lake ndi nsambo chabe. Wina angafunse: ngati chipanda chimakometsa kalimba, tebulo lilekerenji kukometsa sipika? Yankho ndi loti kalimba ndi mwini mawu, ndipo chipanda chidasankhidwa ndi mmisiri kuti chikhale mbali ya liwu lake. Sipika si mwini mawu. Nyimbo ya kalimba ikamajambulidwa, chipanda chimakhala chitajambulidwa kale momwemo. Kuikanso tebulo pamwamba pake ndi kuthira mchere mu ndiwo zimene wophika adathira kale.

Apa ndi pamene maphunziro achiyankhulo adandithandiza kumvetsa. Mu 1960 katswiri wa ku Sweden, Gunnar Fant, adafotokoza m'buku lake kuti liwu la munthu lili ndi magawo awiri: gwero, lomwe ndi kunjenjemera kwa pakholingo, ndi sefa, yomwe ndi mphako ya kukhosi, m'kamwa ndi m'mphuno. Malembo athu asanu a liwu, a, e, i, o, u, angathe kutuluka pakholingo mofanana. Chimene chimawasiyanitsa ndi momwe lilime ndi milomo zaumbira mphakoyo, chifukwa mphako iliyonse imakweza mawu ena n'kufooketsa ena. Tebulo lokhala ndi dilowa yopanda kanthu nalonso ndi mphako. Lili ndi mawu ake amene limawakonda, ndipo akangofika limawakuza n'kupitiriza kulira ngakhale sipika italeka. Tinganene kuti tebulo ndi kamwa yachiwiri yomwe imadziwa liwu limodzi lokha, ndipo imalitchula pa phatikizo lililonse.

Chimene chimatayika

Poyamba ndinkaganiza kuti chimene chingaonongeke kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, poti Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo motero. Tonse tidaphunzira za mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, komanso khungu la pathupi ndi khungu la m'maso, ndipo amene akufuna zakuya angazipeze m'buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la mu 2017 lofotokoza kamvekedwe ka Chichewa. Koma ndidapeza kuti mbali imeneyi ndi yolimba. Kunjenjemera kwa mawu kumayezedwa mu Hz, kutanthauza kuti chinthu chikunjenjemera kangati pa sekondi. Liwu la mwamuna wamkulu nthawi zambiri limakhala pakati pa 85 ndi 180 Hz, la mkazi pakati pa 165 ndi 255 Hz. Matelefoni akale ankangodutsitsa mawu apakati pa 300 ndi 3,400 Hz, komabe anthu ankamvana za mitengo yonse iwiri, chifukwa ubongo umatha kulidziwa tsinde la liwu pongomva nthambi zake.

Chosalimba ndi malembo opanda liwu. Kusiyana kwa kuponya ndi kuphonya, kukoma ndi kukhoma, kama ndi khama, kwagona pa kampweya kofooka kamene kamakhala kanthawi kochepa zedi, tizigawo makumi angapo chabe pa tizigawo 1,000 ta sekondi imodzi. Leigh Lisker ndi Arthur Abramson adayeza kanthawi kameneka m'ziyankhulo zosiyanasiyana mu 1964 ndipo adaonetsa kuti ziyankhulo zambiri zimadalira ikoko posiyanitsa malembo otere. Ndiye kale mu 1924, R. L. Wegel ndi C. E. Lane adali ataonetsa kuti mawu otsika akakhala amphamvu amaphimba mawu okwera mosavuta kusiyana ndi momwe okwera angaphimbire otsika. Tikaphatikiza mfundo ziwirizi tikuona zomwe zidatichitikira kuhositelo. Liwu lalikulu la agogo linkadzutsa tebulo, tebulo linkapitiriza kulirima m'timipata momwe mumayenera kukhala bata, ndipo kampweya kaja kankamira. Kukweza wayilesi kunali kungowonjezera madzi omwe kankamiramo.

Momwe tingalekanitsire

Mfundo yaikulu ndi imodzi: pakati pa sipika ndi tebulo pakhale chinthu chofewa, chimene chingabonyeke pang'ono ndi kulemera kwa sipikayo. Cholemera chikakhala pa chinthu chofewa, chimakhala ndi kanesedwe kakekake, monga momwe galimoto imanesera pa masipuling'i ake. Kunjenjemera kofulumira kuposa kanesedweko ndi kumene kumalephera kudutsa. Akatswiri a zamakina amawerengera kuti kutchinga kumayamba pamene kunjenjemera kwaposa kanesedwe kaja pafupifupi ka 1.4, ndipo kumanka kukulirakulira. Sipuling'i ikabonyeka milimita imodzi ndi katundu, kanesedwe kake kamakhala pafupifupi 16 Hz. Ikabonyeka mamilimita awiri ndi theka, pafupifupi 10 Hz. Poti khutu la munthu limayambira kumva cha pa 20 Hz, ndiye kuti kubonyeka kwa mamilimita ochepa chabe n'kokwanira. Labala amauma pang'ono akamagwedezedwa mofulumira, choncho ndi bwino kuti abonyeke moonekera.

Kuchokera pamenepa tikuona zolakwika ziwiri. Chinthu cholimba kwambiri, monga chidutswa cha tayala ya galimoto pansi pa kasipika kopepuka, sichibonyeka konse, ndipo chimadutsitsa kunjenjemera ngati thabwa. Chinthu chofewetsetsa, monga siponji yotsukira mbale pansi pa sipika yolemera, chimaphwatalala mpaka kutheratu, ndipo chikatero chimasanduka cholimba. Kansalu koluka ka amayi kaja kamateteza kabati kuti isakalike, koma kunjenjemera sikakuletsa. Chofunika ndi kufananitsa kufewa ndi kulemera. Ine pa timasipika tanga ndidadula timabwalo tinayitinayi kuchokera ku mapatapata akutha. Timabwalo tating'ono timabonyeka bwino kusiyana ndi chipatapata chathunthu, chifukwa kulemera konse kumagwera pamalo ochepa. Ena amadula mipira ya tenesi pakati. Pa sipika yolemera, njira ina ndi kuika chubu chaching'ono cha njinga chopopa pang'ono, pamwamba pake kachidutswa ka thabwa lochindikala kapena matailosi, kenaka sipika. Pamene pali ana aang'ono tisamale kuti sipika isakhale yapendapenda, ingawagwere.

M'masitolo a zida zoimbira amagulitsanso timisomali tosongoka toika kunsi kwa masipika ataliatali. Ambiri amaganiza kuti poti nsonga yake ndi yaing'ono, kunjenjemera sikungadutse. Sizili choncho. Chitsulo ndi cholimba, ndipo chimalumikiza sipika ndi pansi mwamphamvu. Ntchito yeniyeni ya timisomaliti ndi kuboola kapeti kuti sipika iime nji pasimenti. Pasimenti yochindikala zimenezi zilibe vuto, chifukwa simenti ndi yolemera ndipo siivutika kugwedezeka ndi sipika ya m'nyumba. Koma pathabwa lopyapyala timisomali timangolipatsa thabwalo mawu. Amene amatikonda amanena kuti sipika yokhala pofewa imagwedera ndipo mawu amasokonekera. Tiyerekeze kuti kapepala ndi waya wake zikulemera magalamu 10, bokosi makilogalamu 5. Bokosilo lalemera kuposa kapepala ka 500, choncho kusuntha kwake n'kochepa ka 500 poyerekeza ndi kwa kapepala. Kusuntha kotero sikungafanane ndi phokoso la tebulo lathunthu.

Ndiyenera kuvomereza kuti labala yekha samaliza nkhani. Mnzanga uja ponyamula timasipika adachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: adadula njira ya kunjenjemera, komanso adatalikitsa sipika ndi tebulo. Mawu ena amatuluka m'sipika, kugunda pamwamba pa tebulo, n'kufika m'khutu mochedwerapo pang'ono, ndipo akakumana ndi anzawo obwera molunjika, ena amakuzana, ena amafafanizana. Khoma nalo limakuza mawu otsika, ndipo pangodya m'pamene zimanyanya. Kotero sipika ikwezedwe kufika pamlingo wa makutu, ikokeredwe kutsogolo kwa shelefu, ndipo italikirane ndi ngodya. Njerwa ziwiri kapena mulu wa mabuku, ndi labala pamwamba pake, zimagwira ntchitoyi.

Zimene otsutsa amanena

Oyamba kutsutsa ndi okonda kugunda. Iwo amati nyimbo yosagwedeza chifuwa ndi phala lopanda shuga. Sindikunyoza kugunda, ndidakulira momwemo, ndipo pa chinkhoswe nanenso ndimafuna ng'oma imveke m'mafupa. Koma tisiyanitse kugunda kwa woimba ndi kugunda kwa kabati. Woimba gitala ya besi amayenda ndi zala zake, apa akwera, apa atsika, ndipo luso lake lili m'mayendedwe amenewo. Kabati imadziwa liwu limodzi basi. Woimba akafika pa liwu limenelo nyumba imagwedezeka, akachokapo amangoti zii ngati watuluka panja. Amene amakondadi besi ndi amene ayenera kuyamba kudandaula, chifukwa kabati ikumubera nyimbo.

Achiwiri amati nkhani imeneyi ndi ya anthu okhuta, ndipo wophunzira wa m'dziko losauka ali ndi zina zofunika kuziganizira. Ine ndikuona mosiyana. Wolemera akaona kuti wayilesi yake sikumveka bwino amakagula ina. Amene alibe ndi amene ayenera kufinya zonse zomwe kasipika kake kangathe, ndipo patapata lakutha saligula. Komanso si nyimbo zokha zimene zimadutsa m'masipika. Mumadutsa ulaliki m'tchalitchi momwe sipika adaikhazika pa nsanja yamatabwa, mumadutsa phunziro la pawayilesi m'kalasi ya ana ochuluka, mumadutsa uthenga wa maliro. Wina adzati tikadavala mahedifoni. Ndi zoona, ndipo polemba ndekha ndimavala. Koma kalasi, mpingo kapena banja silingavale hedifoni imodzi, ndipo ntchito yathu ija inkafuna kuti atatu timve chinthu chimodzi nthawi imodzi kuti titsutsane bwino.

Pali phindu lina lokhudza kukhala bwino ndi anzathu. M'nyumba zosanja ndi m'midadada ya nyumba zogundizana, phokoso limene limasowetsa tulo oyandikana nawo nthawi zambiri ndi lotsika lija, ndipo gawo lina limayenda m'simenti ndi m'makoma momwemo. Sipika ikakhala pofewa, njira imeneyi imachepa, ngakhale kuti mawu oyenda mumpweya amadutsabe. Mnzako wa chipinda chinacho amene mawa ali ndi mayeso naye ndi munthu.

Achitatu ndi amene amati zonsezi ndi bodza la amalonda. Awa ali ndi mfundo. Kunja kuli timiyendo ta sipika togulitsidwa pamtengo woposa wa sipika imene, ndipo zolembedwa pamapaketi ake zimalonjeza zozizwitsa. Khutu la munthu ndi losavuta kunyenga: ukawononga ndalama zambiri pa chinthu, umamva kusintha ngakhale pamene palibe. Ndiponso pamene sipika yolemera yaima pasimenti, kusintha kumene labala angabweretse kumakhala kochepa. Choncho sindikupempha owerenga kuti andikhulupirire. Ikani nyimbo yogunda, mugwire tebulo ndi chikhatho. Ngati mukumva kunjenjemera, tebulo likuimba. Ikani labala, mugwirenso. Kenaka tsinzinani, mnzanu aziika ndi kuchotsa labalayo osakuuzani, inu muzinena. Mukalephera kusiyanitsa, sungani mapatapata anu. Vuto lanu lili pena.

Mawu otsiriza

Patchuthi chapitachi ndidayesa nzeruyi kunyumba. Ndidatsitsa masipika pakabati, ndidawakhazika pa timipando tiwiri tolimba, labala pansi pake. Abambo atamvera kwa kanthawi adati, "Iwe, wayilesi yanga waitani? Yafookatu." Ndidati, "Bambo, tangoipatsani sabata imodzi, mukapanda kuikonda ndibwezera ndekha." Lachisanu lake ndidawapeza akubwereza nyimbo ina yakale ya kwaya imene akhala akuimvera zaka zambiri, ndipo adandiuza kuti pali mzere wina umene nthawi yonseyi ankauimba molakwika. Amayi adangokondwa kuti matambula awo apuma. Sindinganame kuti abambo adagonja kotheratu: akuti pa Khirisimasi masipika adzabwerera pakabati, chifukwa tsiku limenelo oyandikana nawo ayenera kudziwa kuti tili moyo. Tsiku limodzi pachaka ndawalolera.

Kwa ophunzira anzanga m'dipatimenti muno, pempho langa ndi ili. Tikupita m'midzi kukajambula nthano, miyambi ndi nyimbo za anthu amene ambiri mwa iwo sadzakhalapo kuti atikonze. Timasamala posankha foni yojambulira, timathamangitsa nkhuku kuti zisasokose, koma tikafika pomvetsera timangoponya sipika paliponse pamene pali malo. Tisanayambe kulemba liwu loyamba, tiyeni tiyambe tagwira tebulo ndi chikhatho. Ngati likunjenjemera, tilitontholetse kaye, kuti zomwe tilembe papepala zikhale zimene agogo adanenadi.